Makobidi Akuda a Pansi pa Bedi

Nthawi inali itangopitirira seveni koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kozizira, pamene Pompo anakhuthulira chitini patebulo n'kuyamba kuwerenga kachitatu.

"Lasowa limodzi," anatero. "Lamlungu lija analipo makumi anayi, ndinawerenga ndi manja angawa. Iwe Telala, ndikulankhula ndi iwe."

Mlongo wakeyo anali atagwada pakhomo, akuthira mafuta m'makina osokera asanawatulutsire pakhonde. Mumsewu monsemo ankamuitana Telala, ndipo abale akenso anali atazolowera choncho. Mchimwene wake wamkuluyo anali ndi butchala pafupi ndi pokwerera basi. Dzina la Pompo anamupatsa ndi ogula nyama, chifukwa chilichonse ankachifuna pompopompo.

"Silinasowe, achimwene. Lili m'thumba mwangamu."

"Likudikira chiyani m'thumba mwako?"

"Ndinapita nalo kutauni dzulo. Kuli mkulu wina wokonza mawotchi, amagulanso ndalama zakale."

"Unandipempha?"

"Ndikanakupemphani mukanalola?"

Pompo anamenya tebulo, makobidi n'kudumpha. Anali makobidi asiliva, akuda bii chifukwa cha zaka, ena a mutu wa mfumu yandevu, ena a mutu wa mzimayi wovala chisoti. Malemu bambo awo, omwe ankagulitsa matikiti pasiteshoni ya sitima, anawasunga pamene ndalama zinasintha, ndipo chitinicho chinakhala pansi pa bedi la mayi awo mpaka chaka chino.

Mayiwo anali pampando wawo wa pawindo, atafumbata kapu ya tiyi. Maso awo onse awiri anali atayera ndi ng'ala. Anatembenuzira nkhope komwe kunamveka phokoso.

"Kodi chagwa n'chiyani?"

"Palibe, amayi. Imwani tiyi, azizira," anayankha onse awiri, pafupifupi nthawi imodzi.

Chonsecho nkhani inali ya maso omwewo. Dokotala wa maso ankabwera kamodzi pachaka kuchipatala cholipira cha kuseri kwa msika, ndipo kulembetsa mayina kunkatha pa 28 mwezi womwewo. Diso lililonse linali ndi mtengo wake. Tsiku lomwe anawapima, namwino ananena mosabisa kuti ng'alayo yakhwima kwambiri, ndipo diso lomwe litsale chaka chino mwina chaka chamawa silidzathandizikanso.

"Tamvera kuno," anatero Pompo, atatsitsa mawu pang'ono. "Wasikelo, wogula zitsulo zakale uja, wanena kale mtengo wake. Tiike pasikelo, atipatse ndalama m'manja, tikalipire diso limodzi. Nkhani yatha."

"Nanga linalo?"

"Limodzi silikwana? Akufuna kukayendetsa ndege?"

"Achimwene, musalankhule choncho."

"Chabwino. Wamawotchi wakoyo wati chiyani?"

Telala anaimirira, anapukuta manja kunsalu, n'kuika kobidi lija patebulo.

"Analiyang'ana ndi galasi lake, kenako anatsegula buku. Anati siliva wake ndi wochepa, koma alipo anthu amene amasonkhanitsa ndalama zakale. Iwo amayang'ana chaka, osati kulemera. Ili lokhali anati angalipire kasanu kuposa mtengo wa pasikelo. Ndipo ziliko zaka zina zosowa, zoti kobidi limodzi lokha..."

"Wakupatsa zingati?"

"Sanandipatse kanthu. Akufuna awaone onse pamodzi. Wanyamuka lero kukaona mwana wake, abwera pa 25."

Pompo anaseka mokweza mpaka anatsokomola.

"Pa 25! Kuchipatala akutseka pa 28. Nanga akakadwala komweko? Nanga akabwera n'kunena kuti pepani mayi, ndinaona molakwika? Wasikelo adzakhala atapita kwina, siliva atatsika, amayi opanda ngakhale diso limodzi. Udzawauza chiyani? Udzawasokera maso pamakina akowo?"

Funso lomwelo linali litamuvutitsa Telala njira yonse m'minibasi dzulo lake.

"Ananenanso kuti tisa..."

"Usandiuzenso za anati anati. Mwamuna pakhomo pano ndine. Bambo anasiya ine."

"Anasiya inu, koma wowasambitsa amayi ndi kuwatsogolera kuchimbudzi ndine."

Pompo anayamba kukokolera makobidi m'chitini. Atatseka anachikupatira m'khwapa n'kulunjika kukhomo.

"Chitini chimenecho chisatuluke m'nyumba muno."

Anali mayi awo. Sanakweze mawu. Pompo anaima kanthawi, kenako analowa kuchipinda n'kuchikankhira pansi pa bedi ndi phazi. Anatuluka osatsanzika, n'kusiya chitseko chili pululu, mphepo ikulowa.

Mawu amene anadulidwa aja anali chenjezo. Wamawotchi analibwereza kawiri, atakweza chala: musawatsuke, musawapukute, ngakhale ndi kansalu komwe, chifukwa kudako ndiye umboni wa zaka zake. Telala anaganiza zokawauza achimwene ake madzulo, koma anadziwa kuti akangomuseka. Ndiponso ndani akanagwira chitini cha pansi pa bedi? Zowauza mayi ake sizinamubwerere n'komwe m'mutu. Kwa zaka zitatu, zomwe ankawauza zinali za madzi osamba, za mankhwala, ndi zoti samalani apo pali sitepe.

Wasikelo anabwera Lachinayi masana, atamukweza Pompo kumbuyo kwa njinga yake yamoto. Anali munthu wodziwika m'misewu yonse yozungulira. Ankagula mabatire akutha, mawaya amkuwa ndi mapoto obooka, ndipo m'thumba la jekete ankasungamo kasikelo kakang'ono ka manambala, ka zinthu zasiliva. Analowa akuseka, n'kugwada pamaso pa mayi aja.

"Mayi wanga, muli bwanji? Simukalamba inu. Tikatsegula masowa anyamata ayambiranso kudutsadutsa pano."

Mayiwo anamwetulira pang'ono. Pompo anabweretsa chitini n'kukhuthula. Telala anasiya diresi lomwe ankapinda, n'kudzaima pakhomo singano ili kukamwa.

"Aaa, koma zinthu zake!" anatero Wasikelo, akulankhula mokweza ngati ali pamsika. "Tayang'anani kuda kwake. Bii ngati kunsi kwa poto. Ndiye mukuti munthu wakutauni, wovala tayi, agwire uve umenewu? Chemwali, akungokunamizani. Zoterezi palibe angazifune. Mwayi wanu ndi woti ine ndimasungunula, moto sufunsa zakuda."

Ankalankhula choncho, koma Telala ankayang'ana manja ake. Kasikelo kanali kakadali m'thumba. Munthuyo ankatola kobidi lililonse, n'kulitembenuza, n'kutsinzina diso limodzi akuyang'ana m'munsi momwe munali chaka. Milomo yake inkagwedera. Mosazindikira anali atapanga milu iwiri, wina waukulu, wina wa makobidi asanu ndi limodzi okha pafupi ndi chigongono chake.

Telala anachotsa singano kukamwa.

"Mukuwerenga chiyani, bambo?"

"Ndikuona ngati si zabodza."

"Motowo umafunsanso chaka?"

Wasikelo anaseka, n'kusakaniza milu ija ndi dzanja limodzi.

"Pompo, mlongo wakoyu anaphonya ntchito. Amayenera kukhala wapolisi. Mverani chemwali, ine ndikungokuthandizani chifukwa cha mayiwa. Siliva akutsika. Mtengo ndanenawu ndi wa sabata ino. Lolemba musadzandide."

"Wamva?" anatero Pompo. Pamphumi pake panali thukuta. "Wamva kapena makutu unatsekera ulusi?"

"Ndamva. Tidikira pa 25."

"Iwe, usandichititse manyazi pamaso pa anthu."

"Manyazi ake ati, achimwene? Katundu ndi wathu. Kudikira si mlandu."

Wasikelo anaimirira, n'kusasa thalauza. Anatsanzika mayi aja mwaulemu waukulu, ndipo panja anamukokera Pompo pambali. Analankhula monong'ona kwa nthawi ndithu njinga isanalire.

Telala atabweza chitini pansi pa bedi, mayi ake anamuitana.

"Mwanawe, kodi ndi akuda kwambiri?"

"Ndi akuda, amayi, koma inu musadandaule nazo."

"Bambo ako sankakonda zinthu zauve. Mabatani a jekete lawo ndinkawakwecha Loweruka lililonse."

"Eya, amayi. Ndikuthandizeni mukagoneko pang'ono?"

Anawagwira mkono n'kupita nawo kuchipinda, kenako anabwerera kudiresi lake.

Masiku otsatirawo anali olemera. Pompo anasiya kubwera ndi kanyama ka Loweruka. Ankadutsa mumsewu maso ali kutsogolo, ndipo mkazi wake anayamba kuuza anthu pampopi kuti Telala akufuna kudya yekha chuma cha malemu. Lolemba linafika n'kupita. Telala anayesa foni ya wamawotchi katatu, koma inali yothima. Anapita kuchipatala kukapempha kuti alembe dzina la mayi ake ndalama zibwera, koma kalaliki anapukusa mutu n'kumuonetsa pepala. Mizere yopanda mayina inali itatsala isanu ndi iwiri.

Pobwerera anaima pakhomo la butchala. Akanangolowa n'kunena kuti achimwene, muitaneni munthu wanu uja, diso limodzi likanatsimikizika tsiku lomwelo. Anamva mpeni ukugunda pathabwa m'katimo. Anaima mpaka mzimayi wina anamupempha kuti apatuke. Kenako anapitirira.

Pa 23 madzulo Pompo anaima kunja kwa khonde, osakwera sitepe.

"Mawa masana ndikubwera ndi Wasikelo. Ndamuchonderera, wavomera mtengo wakale uja. Ufune usafune, tigulitsa."

"Latsala tsiku limodzi lokha, achimwene."

"Foni yake akuyankha?"

Telala anapukusa mutu.

"Basi," anatero Pompo, n'kumapita.

M'mawa mwake kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Telala anali ndi mayunifolomu makumi awiri oti akapereke kusukulu ya kutsidya kwa mlatho. Anawasambitsa mayi ake, anawakhazika pampando, n'kuwauza kuti abwera msanga. Kusukuluko aphunzitsi aakulu anamuchedwetsa, ankafuna ana ayese mmodzimmodzi. Ali komweko foni yake inalira. Anali wamawotchi. Anati wafika usiku wapitawo, foni inagwera m'madzi, ndipo mawa atsegula eyiti koloko. Telala anayenda chothamanga njira yonse yobwerera, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri.

Pampando wa pawindo panalibe munthu. Anamva kukwecha kuseri kwa nyumba.

Mayi ake anali atakhala pansi potsukira mbale, miyendo atatambasula. Pambali pawo panali beseni la madzi, mbale ya phulusa, mandimu odula pakati, ndi waya wokwechera mapoto. Pathaulo loyera anali atandandalika makobidi m'mizere yowongoka, momwe munthu wosaona amaikira zinthu kuti azipeze. Ankanyezimira padzuwa moti Telala anaphethira. Nsonga za zala za mayiwo zinali zitafiira, chala chimodzi chikutuluka magazi pang'ono.

"Ndiwe?" anafunsa, akumwetulira. "Tayang'ana. Ine sindikuona, koma m'manjamu ndikumva kuti asalala. Ayera?"

Telala anawerenga ndi maso. Pathaulo panali makumi atatu. M'chitini munali mutatsala khumi.

"Munthu uja anati wakutauni sangagwire zauve," anapitiriza mayiwo. "Ndiye ndinati ana anga akukangana chifukwa cha ine, inenso ndichiteko kanthu. Atsala ochepa. Tandipatsira ndimu linalo."

Telala anagwada, n'kutseka chitini pang'onopang'ono.

"Mwatopa, amayi. Otsalawa asiyeni."

Nthawi yomweyo njinga yamoto inalira kumaso kwa nyumba. Pompo anaitana kawiri, kenako anazungulira, Wasikelo ali pambuyo pake akuimba kamluzu. Kamluzuko kanaduka ataona thaulo.

"Ndani wachita zimenezi?"

Wasikelo anamukankha Pompo, n'kugwada, n'kutola kobidi limodzi. Analitembenuza, n'kulitaya. Anatola lina, kenako lina, akufunafuna. Atapeza lomwe ankafuna analiyandikiza kudiso n'kubuula ngati wapondedwa.

"Mayo ine! Ndevu zonse zapita! Mwalikwecha ndi waya? Mukudziwa chimene mwawononga inu? Ili lokhali..."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ili lokhali latani?" anafunsa Telala. Anali ataimirira, chitini atachikumbatira pachifuwa. "Malizani, bambo. Si paja inu mumasungunula? Kulemera kwake ndi komwe kuja. Tulutsani sikelo."

"Chemwali, inu simungamvetse."

"Ndamvetsa. Munati moto sufunsa zakuda. Lero wayamba kufunsa ndevu?"

Pompo ankayang'ana uku ndi uku.

"Aise, tafotokoza. Ukutanthauza chiyani? Si unati zonsezi n'zongosungunula?"

"Iwe khala chete," anatero Wasikelo, ulemu wonse utatha. "Ndinakuuza kuti ubwere nazo tsiku lomwe lija, iwe kumaopa mkazi. Wogula ndinali nditamupeza kale. Kangachepe ndinakulonjeza kaja ukaiwale."

Madzi ankadontha pampopi.

"Kangachepe kanji, mwananga?" anafunsa mayi aja.

Pompo anayang'ana nsapato zake.

Wasikelo anatembenukira kwa Telala, nkhope itasintha, kumwetulira kutabwerera.

"Tisakangane, chemwali. M'chitinimo mwatsala angati? Tandionetsani. Amenewo ndikupatsani kawiri mtengo wa pasikelo. Ayi, katatu. Pompano."

"Tulukani."

"Ganizirani mayiwa."

"Ndati tulukani pakhomo pano, ndisanaitane msewu wonse udzamve kuti mapoto awo ndi mphete za amayi awo mumazigula bwanji."

Njinga italira n'kuzimiririka, Pompo anayesa kulankhula.

"Ine sindimadziwa kuti... Anangoti akandipatsa ya firiji, ya kubutchala. Diso limodzi likanalipiridwabe."

Anaima pang'ono, kenako nayenso anachoka, wapansi.

Mayi aja anali akadali pansi, manja ali pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba.

"Ndalakwitsa, eti?"

"Ayi, amayi, palibe chimene..."

"Usandinamize. Ndinamumva munthu uja. Iwe umadziwa kuti sayenera kutsukidwa?"



"Ndimadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lomwe ndinapita kutauni."

"Ndinakufunsa ngati ndi akuda. Unandiuza kuti ndikagone. Zomwe zinafa ndi maso okha, mwanawe. Mutu ulipo. Mumalankhula za ine ngati kabati yomwe mukufuna kuisuntha."

Sanalire. Anapempha madzi oyera osamba m'manja, ndipo Telala anawamanga chala chija ndi kansalu.

"Mawa ndipita nawo," anatero mayiwo. "Ndikamve ndekha."

Shopu ya wamawotchi inali yopapatiza, pakati pa sitolo ya nsapato ndi malo ojambulira zithunzi. Mawotchi a pakhoma ankagunda aliyense nthawi yake. Mkuluyo anawapatsa mayi aja mpando wake womwe, n'kuyala nsalu yobiriwira pagalasi. Telala anayamba ndi khumi akuda aja. Mkuluyo anawaona limodzilimodzi, akuwagwira m'mbali mokha, akutsegula buku lake n'kulemba papepala.

"Awa ndi abwino. Palibe losowa kwambiri, koma ndi abwino. Enawo ali kuti?"

Telala anamasula thaulo. Mkuluyo anachotsa galasi kudiso, n'kumuyang'ana.

"Mayi, si ndinanena?"

Telala anaphethira, n'kuloza mayi ake ndi mutu, kupempha kuti asapitirize.

"Nenani, bambo," anatero mayiwo. "Ndinakwecha ndine. Mwanayu akukupangirani zizindikiro, ndikudziwa. Nenani zonse."

Mkuluyo anakhosomola. Anasanthula makobidi owalawo mpaka anapatula asanu ndi limodzi. Mwa amenewo anakankhira limodzi kutsogolo.

"Ili ndi la chaka chomwe anapanga ochepa. Pa zaka makumi atatu ndaliona kawiri kokha. Likanakhala momwe linalili, lokhali likanalipira diso limodzi, n'kutsalako ya mankhwala. Asanu awa akanalipira linalo. Pano nkhope yafufutika, paliponse mizere ya waya. Osonkhanitsa akaona chonchi amabweza."

"Ndiye kuti latha ntchito?"

"Osati kutheratu. Pali njira ziwiri, mayi. Mutha kundisiyira asanu ndi limodziwa, ndiwatumize kwa anzanga akutali. Alipo ena omwe amagula ngakhale lokwechedwa, poti chaka chake n'chosowa. Mwina mungapeze kawiri kapena katatu kuposa pasikelo. Koma zimenezo ndi miyezi itatu, mwina isanu, ndipo sindingalonjeze. Njira ina, khumi akudawa ndigula ine lero. Makumi atatu owalawa mupite nawo kwa wosula mphete kuseriku, sikelo yake ndi yoona, akupatsani mtengo wa siliva."

"Tikasiya asanu ndi limodziwo, zotsalazo zikwana diso limodzi?" anafunsa Telala.

Mkuluyo anawerengera papepala, n'kupukusa mutu.

"Ziperewera pang'ono. Mukagulitsa onse lero, zikwana diso limodzi, mankhwala ndi zoyendera. Awiri ayi."

Telala anayamba kuwerengera m'mutu za mayunifolomu, za madiresi awiri omwe eni ake anali asanatenge, masiku atatu omwe anatsala.

"Mwina tikanasiyako lija losowalo," anatero. "Ndikhoza kuyesa..."

"Bambo," anadula mayi ake, "tandipatsani ndiligwire."

Mkuluyo anawaika kobidi lija m'dzanja. Analisisita ndi chala chachikulu, mbali zonse ziwiri.

"Lasalaladi," anatero. "Ndinalimbikira pamenepa." Analibweza. "Sindidikira miyezi isanu. Ndadikira zaka zitatu. Gulitsani onse lero."

"Amayi, taganizani kaye."

"Ndaganiza. Makobidi ndi a mwamuna wanga, maso ndi anga, kukwecha ndakwecha ndine. Tiye kwa wosula mpheteyo."

Wosula mphete anathira makumi atatu aja m'mbale ya sikelo nthawi imodzi, osayang'ana chaka ngakhale chimodzi. Mtengo womwe anatchula unaposa pang'ono womwe Wasikelo akanapereka pa makumi atatu omwewo. Telala analandira ndalamazo.

Kuchipatala anapeza mizere iwiri yotsala. Kalaliki analemba dzina, kenako anakweza mutu n'kufunsa Telala kuti diso lake liti. Telala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anatembenukira kwa mayi ake.

"Akufunsa inu, amayi."

"Lamanja," anatero mayiwo. "Lamanzere linali laulesi kuyambira kale."

Anawachita opaleshoni sabata yotsatira. Tsiku lochotsa bandeji Pompo anabwera kunyumba atanyamula nyama yokulunga m'pepala. Anaima pakhomo, osadziwa ngati alowe. Mayi ake anamuyang'ana ndi diso limodzilo, lofiira, likutuluka misozi chifukwa cha kuwala. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wanenepa," anatero.

"Amayi, ine..."

"Kaike nyamayo kukhitchini. Firiji unagula?"

"Ayi."

"Uzigulitsa yatsiku ndi tsiku, ngati kale."

Pompo analowa mutu uli pansi. Telala anali pakhonde, atatulutsa makina. Ntchito inali itaunjikana masiku onsewo, ndipo mwini thalauza lina anali atabwera kale kawiri. Mayi ake anatuluka okha, dzanja lili kukhoma, mutu atapendeketsa kuti diso lamanja litsogole. Anatsika sitepe popanda wowauza. Anaima pambali pa makinawo, n'kutola siketi yomwe Telala anali atangomaliza kumene. Anaiyandikiza kunkhope, n'kuitembenuza.

"Msoko uwu wakhota."

Telala anailandira n'kuyang'ana. Unalidi wokhota, kuyambira m'chiuno mpaka pakati. Anatenga lezala m'kabokosi n'kuyamba kusomola ulusi.